Tikiti imodzi ya ku Georgia inandiimitsira laisensi kawiri

Wapolisi anandiimitsa pa msewu wa I-75, nditayenda pang'ono kuchokera m'malire a Tennessee ndi Georgia ku America, Lachisanu lina m'mwezi wa May 2022. Ndinkachokera ku Indianapolis, komwe ndimakhala, kupita ku ukwati wa mwana wa kwathu ku Atlanta. Amene munayendapo njirayi mukuidziwa: I-65 kudzera ku Louisville mpaka ku Nashville, kenako I-24 mpaka ku Chattanooga, n'kulowa I-75. Ndi ulendo wa maola asanu ndi atatu, ndipo ukafika chakumapeto phazi limangolemera lokha. Chikwangwani chinkati mamailosi 70 pa ola, makina a wapolisi anati 87. Kwa inu owerenga makilomita, ndinkathamanga 140 pamalo oyenera 113.

Anali munthu waulemu. Anatenga laisensi ndi pepala la inshuwaransi, n'kubwerako ndi pepala lalitali loti ndisaine. Anandionetsa tsiku la khoti, la mu July, n'kundiuza kuti ndikhoza kulipira pa intaneti tsikulo lisanafike. Ndinasaina, ndinalipinda, ndinaliponya m'kabokosi ka kutsogolo kwa galimoto. Linagona mmenemo miyezi isanu ndi iwiri.

Kwathu tikiti ya pamsewu ndi nkhani ya tsiku lomwelo. Walipira, akupatsa risiti, mwasiyana. Maganizo amenewo ndinabwera nawo kuno, ndipo pamwamba pake ndinasanjikizapo bodza lomwe timauzana tikakumana, loti tikiti ya state ina siimutsatira munthu kwawo. Mkulu wina pa ukwati pomwepo anati kwa ine, "Achimwene, musavutike nazo, za ku Georgia zimathera konkuno. Bola musadzabwerenso mukuuluka." Ndinawakhulupirira msanga chifukwa ananena zomwe mtima wanga unkafuna kumva.

Kusaina kuja kunali lonjezo, ndipo lonjezolo lili ndi mano. Ma state ambiri a ku America ali m'pangano lotchedwa Non-Resident Violator Compact, lomwe linakhazikitsidwa mu 1977. Kale mlendo akagwidwa pamsewu ankatha kutengedwa kukapereka chikole asanapitirize ulendo. Panganoli linachotsa zimenezo. Wapolisi amakulolani kupita chifukwa mwasaina kuti mudzalipira kapena mudzaonekera kukhoti, ndipo mukalephera, state yanu ndi imene imakugwirani m'malo mwawo. Tsiku la khoti likadutsa, kalaliki amalemba zilembo zitatu, FTA, kutanthauza kuti munthuyu sanabwere. Khoti limadziwitsa ofesi ya malaisensi ya state yawo, iyo imadziwitsa ya state yanu, ndipo izi ziyenera kuchitika pasanathe miyezi isanu ndi umodzi kuchokera tsiku la tikiti. Ofesi ya kwanu imakulemberani kalata yokupatsani masiku owerengeka kuti mukonze. Mukakhala chete laisensi imaimitsidwa, ndipo kuimitsidwa kwa mtundu umenewu kulibe tsiku lothera. Mukhoza kudikira zaka khumi, kudzakhalabe pomwepo mpaka khoti lija litanena kuti nkhani yatha. Georgia ndi Indiana onse ali m'panganoli. Alaska, California, Michigan, Montana, Oregon ndi Wisconsin salimo, koma musaone ngati kumeneko kuli mpata wothawira, muona pansipa chifukwa chake.

Mu June tinasamuka nyumba. Apa ndi pamene panagona vuto lonse, kuposa ngakhale liwiro lija. Lamulo la ku Indiana limati munthu akasamuka asinthe adiresi pa laisensi pasanathe masiku 30. Sindinatero. Sindinalembetsenso ku positi ofesi kuti makalata azinditsatira, chinthu chomwe chimatenga mphindi zisanu pa intaneti ndipo chimagwira ntchito miyezi 12. Ndinkati makalata ofunika onse amabwera pa imelo. Ofesi za malaisensi ndi makhoti nthawi zambiri salankhula nanu pa imelo. Amalemba kalata ya pepala, amaitumiza ku adiresi yomwe ali nayo, ndipo akatero amawerenga kuti mwauzidwa. Kaya kalatayo yatsegulidwa ndi inu kapena yatayidwa ndi amene analowa m'nyumba yanu yakale, masiku amayamba kuwerengedwa basi.

Chotero kuyambira chakumapeto kwa chaka ndinkayendetsa galimoto tsiku ndi tsiku, kupita kuntchito, kutchalitchi, kukatenga ana, ndili ndi laisensi yoimitsidwa. Khadi linali m'chikwama, looneka bwino, deti lake lisanathe. Khadi silisintha mtundu. Chimasintha ndi mawu amodzi m'kompyuta.

Usiku wina mu December, ndikuweruka cha m'ma 11, wapolisi anandiimitsa chifukwa nyali imodzi yakumbuyo inali itazima. Ndinalibe mantha. Anatenga laisensi, anakhalitsa m'galimoto mwake, ndipo atabwera anandifunsa ngati ndikudziwa kuti laisensi yanga ndi yoimitsidwa. Ndinaseka, poganiza kuti wasokoneza ndi munthu wina. Atatchula Georgia, m'kamwa munauma. Anandilembera tikiti yoyendetsa laisensi ili yoimitsidwa, n'kundiuza kuti galimoto sindingaisunthe ngakhale mita imodzi. Anandipatsa mpata woitana munthu wa laisensi yabwino kuti adzaitenge. Mayi a kunyumba anali ndi ana atagona, anzanga awiri sanayankhe foni, ndipo patapita kanthawi inabwera galimoto yokoka. Ndinaima m'chisanu muja ndikuyang'ana galimoto yanga ikukwezedwa. Manyazi anandigwira kwambiri kuposa kuzizira.

Kumalo osungira magalimoto okokedwa amalipiritsa kawiri: ndalama yokokera ndi ndalama ya tsiku lililonse lomwe galimoto yagona kumeneko. Musachedwe. Pitani ndi munthu wa laisensi yabwino woti aitulutse, chitupa chanu, pepala la kalembera wa galimoto ndi umboni wa inshuwaransi. Ine mapepala anali m'galimoto momwemo, ndiye anandiperekeza kukawatenga. Inagona masiku awiri, ndinasiya $255. M'kabokosi muja ndinapezamonso tikiti ya ku Georgia, inki itayamba kufufutika.

Ku Indiana kuyendetsa laisensi ili yoimitsidwa koyamba ndi mlandu wa chindapusa, umene amautcha Class A infraction. Koma mukagamulidwa kamodzi, n'kudzagwidwanso pasanathe zaka khumi mukudziwa kuti ndi yoimitsidwa, umasanduka mlandu weniweni wotha kukulowetsani m'ndende mpaka chaka. Ku Georgia n'koopsa kuyambira ulendo woyamba: masiku osachepera awiri m'ndende, ndipo chindapusa chake chimayambira pa $500. Nditamva zimenezi makiyi ndinawapereka kwa mayi a kunyumba. Kwa milungu isanu ndi umodzi ndinayenda pa Uber ndi pa chifundo cha anzanga a kuntchito, ndipo mashifiti ena a usiku ndinawataya chifukwa panalibe wondibweretsa.

Chinthu choyamba kuchita, musanaimbire aliyense, n'kutenga rekodi yanu ya kayendetsedwe. Ku Indiana ofesi ya malaisensi imatchedwa BMV, ndipo mukatsegula akaunti pa myBMV mumaiona rekodiyo kwaulere. Yosindikizidwa yoti mukaonetse kukhoti ndi $4. Pamwamba pamalembedwa mmene laisensi ilili, mawu omwe mukufuna kuona ndi VALID. Yanga inalembedwa SUSPENDED - INFRACTION. Pansi pake pamakhala mndandanda wa ziletso, chilichonse ndi chifukwa chake, tsiku lomwe chinayamba, state yomwe inachipempha ndi nambala ya mlandu. Palinso mndandanda wa maadiresi ndi masiku omwe makalata anatumizidwa. Ndinaona ndi maso anga tsiku lomwe kalata yochenjeza inapita ku nyumba yakale. Panalibe wina woti ndimuloze chala.

Tsiku lomwelo ndinakasintha adiresi. Anafuna mapepala awiri osonyeza komwe ndikukhala, ndinapita ndi bilu ya magetsi ndi sitetimenti ya kubanki.

Kenako khoti. Nambala ya foni ili pa tikiti, ndipo muonetsetse kuti ndi khoti lenilenilo, chifukwa ku Georgia matikiti a pamsewu amapita ku makhoti osiyanasiyana, ena a mzinda, ena a county, malinga ndi malo omwe munagwidwira komanso wapolisi amene anakugwirani. Ndinaimba masiku atatu ndisanapeze munthu, popeza inali nyengo ya Khirisimasi. Imbani m'mawa akangotsegula. Khalani ndi nambala ya tikiti, tsiku lobadwa ndi nambala ya laisensi pafupi, cholembera chili m'manja. Funso loyamba likhale lakuti, kodi pali chikalata chondimanga? Ku Georgia milandu ya pamsewu, ngakhale ya liwiro, imawerengedwa ngati misdemeanor, kutanthauza mlandu weniweni ngakhale uli waung'ono, ndipo woweruza ali ndi mphamvu yotulutsa chikalata chomangira munthu amene sanabwere kukhoti. Mwayi wanga, ine anangondiwonjezera ndalama. Tikiti yomwe inali $195 inakhala $295. Pa intaneti sinkalipirikanso chifukwa tsiku linali litadutsa, ndiye ndinalipira pa foni ndi khadi la kubanki.

Ndinalipira mothamanga, ndipo pamenepa ndinaphonya chinthu chachikulu. Kulipira tikiti ndiko kuvomera mlandu. Palibe kusiyana ndi kuima pamaso pa woweruza n'kunena kuti ndinalakwa. Mphindi yomwe ndalama zanga zinalowa, m'mabuku munalembedwa kuti ndagamulidwa pa mlandu wothamanga mamailosi 87 pa ola. Nambala imeneyo ndiyo inadzandipweteka pambuyo pake.

Kulipira pakokha sikuchotsa chiletso. Khoti liyenera kutulutsa chikalata chosonyeza kuti mlandu wakonzedwa, ndipo chikalatacho chiyenera kufika ku ofesi ya state yanu. Funsani kalaliki mafunso awa ndipo mulembe mayankho, dzina lake loyamba ndi nthawi yomwe mwalankhula naye: chikalatacho atumiza ndani, inu kapena iwo? Atumiza liti, kudzera njira yanji? Kodi angakutumizireni kope lanu lero lomwe? Risiti ya khadi la kubanki sikwanira. Pamafunika pepala la khoti lokhala ndi dzina lanu monga lilili pa laisensi, tsiku lobadwa, nambala ya tikiti yofanana ndendende ndi yomwe ili pa rekodi yanu, ndi mawu osonyeza kuti palibe chotsala. Mayina athu aatali amalembedwa molakwika kawirikawiri, ndipo chilembo chimodzi chikasiyana, pepala limatha kukhala pa desiki osalumikizidwa ndi rekodi ya munthu. Liwerengeni bwino musanalitumize.

Ine ndinauzidwa kuti atumiza okha. Ndinadikira sabata, rekodi sinasinthe. Ndinaimbanso, ndinapempha kope langa, ndinalitumiza ndekha ku likulu la ofesi ya malaisensi, chifukwa kunthambi ya pafupi anandiuza kuti iwo sachotsa chiletso chochokera ku state ina, amangokuuzani kotumiza. Patatha masiku asanu ndi anayi a ntchito, chakumapeto kwa January 2023, mawu aja anasintha n'kukhala VALID. Ndikanayambanso, ndikanatumiza kope langa tsiku loyamba lomwelo osadikira kuti maofesi awiri apezane okha. Ndipo musakhudze chiwongolero chifukwa choti mwalipira kapena choti wina pa foni wati zatheka. Wapolisi amawerenga zomwe zili m'kompyuta, risiti yanu alibe nayo ntchito.

Pa chiletso chimenechi Indiana sinandilipiritse ndalama yobwezeretsera laisensi. Ndalama zoterozo kuno zimagwera amene aimitsidwa chifukwa cha inshuwaransi, ndipo n'zowawa: $250 koyamba, $500 kachiwiri, $1,000 kachitatu. Ambiri amagwa mmenemo ali ndi inshuwaransi yabwinobwino, chifukwa BMV inatumiza kalata yopempha umboni, kalatayo inapita ku adiresi yakale, ndipo kampani ya inshuwaransi sinauzidwe kuti itumize chikalata chotchedwa Certificate of Compliance. Mukamaona rekodi yanu yang'ananinso ngati palibe pempho lotero lomwe likudikira. Ma state ena amalipiritsa pa chiletso chilichonse pachokha, ndiye ziletso zikakhala zitatu ndalamanso zimakhala zitatu.

Tikiti ya mu December ndinapita nayo kukhoti la kuno ndekha, nditanyamula rekodi ya $4 yosonyeza VALID ndi kope la chikalata cha ku Georgia. Ku ofesi ya woimira boma pa milandu anavomera kuti ndilipire $190, ndikhale miyezi isanu ndi umodzi osagwidwanso, mlandu n'kuchotsedwa. Si paliponse pomwe amalola zimenezi, koma funsani musanalipire, chifukwa tikiti imeneyi mukangoilipira pa intaneti imakhala chigamulo choyamba chija, chomwe chimachititsa kuti ulendo wachiwiri ukhale wa ndende. Imabweranso ndi mapointi asanu ndi atatu, zizindikiro za kulakwa zomwe amalemba pa rekodi yanu.

Ndinapuma. Ndinauza aliyense kuti nkhani ya Georgia yatha, ndinayambanso kulangiza anzanga ngati katswiri. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Mu October 2023 ndinapita kukakonzetsa laisensi. Ambiri a ife amene mapepala athu okhalira kuno ali ndi malire timapatsidwa laisensi yothera limodzi ndi mapepalawo, ndiye timabwerera ku ofesi pafupipafupi kuposa anzathu omwe amapatsidwa ya zaka zisanu ndi chimodzi. Yanga inkatha Lachisanu, ine ndinapita Lachiwiri. Mayi wa pa kauntala anaona mapepala onse, anati ali bwino, kenako anakhala chete akuyang'ana kompyuta. Anandiuza kuti sangandipatse laisensi chifukwa Georgia yaika chizindikiro pa dzina langa. Ndinatulutsa chikalata cha khoti chomwe ndinkayenda nacho m'chikwama. Anachiwerenga, n'kundiuza mofatsa kuti chimenecho n'cha khoti, pomwe chizindikirochi chaikidwa ndi ofesi ya malaisensi ya ku Georgia, ndipo iye sangaone chifukwa chake. Anangondilembera nambala ya foni. Ndinakhala m'galimoto panja kwa theka la ola, nzeru zitandithera.

Pali kaundula wa dziko lonse wotchedwa National Driver Register, woyang'aniridwa ndi bungwe la boma loona za chitetezo cha pamsewu lotchedwa NHTSA. M'kati mwake muli dongosolo lotchedwa Problem Driver Pointer System. State iliyonse ikaimitsa munthu, kaya ndi wa kwawo kapena mlendo, imaika dzina lake mmenemo. Ndipo state iliyonse, isanapereke kapena kukonzanso laisensi, imayamba yayang'ana mmenemo. Kaundulayu sanena mlandu, amangoloza kuti kafunseni ku state yakuti. Amakhudza ma state onse, ngakhale aja omwe sali m'pangano la 1977. Georgia singalande laisensi ya Indiana, koma ikhoza kuimitsa ufulu wanu woyendetsa m'misewu ya Georgia, n'kuika dzina lanu m'kaundula. Mukatero simungakonzetse laisensi kwanu, ndipo kusamukira ku state ina sikuthandiza, chifukwa nawonso akayang'ana momwemo.

Ofesi ya ku Georgia imatchedwa Department of Driver Services, mwachidule DDS. Nditaimba anandiuza mawu awiri omwe ndinali ndisanawamvepo: Super Speeder. Ndi lamulo lomwe linayamba kugwira ntchito pa 1 January 2010. Aliyense wogamulidwa pa mlandu wothamanga mamailosi 85 kapena kuposa pa msewu uliwonse, kapena 75 kapena kuposa pa msewu wa mizere iwiri, umodzi wopita wina wobwera, amalipira $200 ina pamwamba pa chindapusa cha khoti. Ndalamayi siipita kukhoti, imapita ku boma la state, ndipo inakhazikitsidwa kuti izithandiza zipatala zosamalira ovulala pa ngozi. Siilembedwa pa tikiti. Khoti likatumiza chigamulo, DDS imalemba kalata yake payokha, n'kukupatsani masiku 120. Akatha musanalipire, ufulu wanu woyendetsa umaimitsidwa, ndipo kuti ubwerere mumalipira $200 ija ndi $50 ina. Lamuloli silisankha kuti laisensi yanu ndi ya kuti.

Muone mmene zinalukanirana. Mu January, pamene ndinalipira khoti kuti ndichotse chiletso choyamba, ndinayambitsa ndekha wotchi ya chiletso chachiwiri. Adiresi ndinali nditasintha ku Indiana, koma Georgia inali ndi adiresi yomwe wapolisi anakopera pa laisensi mu May 2022. Kalata inapita ku nyumba yakale ija kachiwiri. Masiku 120 anatha chapakati pa chaka. M'miyezi imeneyo rekodi yanga ya ku Indiana inkasonyezabe VALID, ndiye panalibe chondichenjeza. Chomwe chimandizizira m'mimba mpaka lero n'chakuti mu August tinatsala pang'ono kupita ku Florida pa galimoto, ndipo msewu wake ndi I-75 womwewo, kudutsa Georgia yonse. Ndikanaimitsidwa kumeneko, bwenzi ndi masiku awiri aja m'ndende, ana akuona.

Komanso onani kuchepa kwake. Malire ndi 85, ine ndinali pa 87. Ndikanatenga tikiti ija mu May kapena June n'kuimbira loya wa milandu ya pamsewu wa m'dera la khotilo, akanatha kukambirana ndi woimira boma kuti liwiro lilembedwe 84. Pa msewu wa 70, nambala imeneyo ndi yopitirira ndi 14 basi, ndipo ku Georgia liwiro lopitirira ndi mamailosi osafika 15 silibweretsa mapointi. Maloya oterewa nthawi zambiri amakaonekera m'malo mwanu, inu muli kwanu. Sizitheka nthawi zonse, zimatengera khoti ndi mbiri yanu, ndipo loya naye amafuna zake, koma mwayi umenewu umakhalapo musanalipire basi. Wina adzakuuzani kuti mukangoyankha kuti nolo, kutanthauza kuti simukuvomera komanso simukutsutsa, mwapulumuka. Pa Super Speeder sizithandiza, $200 ija imabwerabe, chifukwa chomwe amayang'ana ndi nambala ya liwiro yomwe yalembedwa pa chigamulo.

Ndinalipira $250 tsiku lomwelo ndi khadi, n'kusunga nambala ya risiti. Ndinafunsa ngati angandipatse kalata yoti ndikaonetse ku Indiana. Anandiuza kuti chofunika n'choti dzina lichoke m'kaundula, ofesi ya kwathu idzaona yokha. Ndinapitako Lachinayi, chizindikiro chinali chikadalipo. Lachisanu laisensi inatha. Makiyi anabwereranso kwa mayi a kunyumba, omwe panthawiyi sananene chilichonse, ndipo kukhala chete kwawoko kunandilasa kuposa mawu. Lachitatu la sabata yotsatira kompyuta inavomera. Ndikanapita kukakonzetsa mwezi wathunthu laisensi isanathe, sindikanataya tsiku ndi limodzi lomwe la ntchito.

Georgia si yokha yomwe ili ndi ndalama yachiwiri yobwera m'kalata. Ku New York, mukapeza mapointi asanu ndi limodzi pa matikiti a kumeneko m'nthawi yomwe lamulo lawo limawerengera, ofesi ya malaisensi imakutumizirani bilu yotchedwa Driver Responsibility Assessment, yoyambira pa $300 yolipira m'zaka zitatu, ngakhale laisensi yanu ili ya state ina, ndipo mukapanda kulipira amakuimitsani chimodzimodzi. Ku Virginia vuto ndi lina. Kupitirira 85, kapena kupitirira malire ndi mamailosi 20, amakuwerengera mlandu woyendetsa mosasamala, womwe chilango chake chimatha kufika miyezi 12 m'ndende ndi $2,500. Tikiti imeneyo siilipirika pa intaneti ngati bilu ya madzi, pamafunika kuonekera kukhoti, ndipo m'pofunika loya. Abale athu a ku Maryland ndi Washington DC amene amatsika pa I-95 ndi I-81 ayenera kuidziwa nambala imeneyi. Funso lomwe ndikanafunsa kalaliki mu January, lomwe likanandipulumutsa, ndi ili: kupatula khoti, kodi pali ofesi ina ya state yanu yomwe idzandilipiritse chifukwa cha chigamulochi? Ndipo lachiwiri: adiresi yanga yomwe muli nayo ndi iti? Kenako n'kuimbira ofesi ya malaisensi ya state imeneyo patatha milungu inayi kapena isanu ndi umodzi, osadikira kalata.

Chigamulo cha ku Georgia chinafikanso pa rekodi yanga ya kuno. Indiana imapereka mapointi pa matikiti a ma state ena ngati kuti mwalakwira kuno: kupitirira ndi mamailosi 1 mpaka 15 ndi mapointi awiri, 16 mpaka 25 ndi anayi, kuposa pamenepo ndi asanu ndi limodzi. Ine ndinapatsidwa anayi, ndipo amakhala zaka ziwiri kuchokera tsiku la chigamulo, osati tsiku la tikiti. Kuchedwa kwanga kulipira kunangotalikitsa nthawiyo. Kosi yovomerezeka ndi BMV yotchedwa Driver Safety Program imachotsa mapointi anayi, kamodzi pa zaka zitatu. Kampani ya inshuwaransi nayo inaona liwiro ndi kuimitsidwa kuja, ndipo pokonzanso mgwirizano inandikwezera pafupifupi $40 pa mwezi.

Kwa amene muli ndi nkhani za mapepala okhalira kuno, musataye kalikonse. Fomu yopemphera unzika, N-400, imafunsa ngati munamangidwapo kapena kupatsidwapo tikiti ndi wapolisi. Pemphani ku khoti lililonse kope lodindidwa losonyeza mmene mlandu unathera, nkhani ikadali yatsopano, chifukwa patapita zaka kulipeza kumavuta. Ngati panatuluka chikalata chokumangani kapena munagona m'chitolokosi, kambiranani ndi loya wa za mapepala musanavomere mlandu uliwonse.

Ndalama zomwe ndili ndi marisiti ake ndi izi: $295 kukhoti la ku Georgia, $255 kotulutsa galimoto, $190 kukhoti la kuno, $250 ku DDS, ndi $12 ya marekodi atatu. Zonse pamodzi $1,002. Sindinawerengeremo Uber, mafuta omwe ndinkathirira ondinyamula, mashifiti otayika ndi inshuwaransi yokwera, zomwe ndikuganiza kuti zinaposa pamenepo. Ndikanalipira mu June 2022 adiresi ili yolondola, popanda ngakhale loya, zikanakhala $395. Kuchokera tsiku la tikiti mpaka tsiku lomwe ndinalandira laisensi yatsopano panadutsa miyezi 17.

Nditalandira laisensi ndinatumiza pempho ku National Driver Register loti andiuze ngati pali state ina iliyonse yomwe yaika chizindikiro pa dzina langa. Munthu aliyense ali ndi ufulu wofunsa za iye mwini, salipiritsa, ndipo njira yake ili pa webusaiti ya NHTSA. Yankho linabwera ku adiresi yatsopano. Munalibe kanthu.